Nyumba Yogontha

Padangokhala. M'mudzi wina wa m'tsinde mwa phiri la Chikala, m'boma la Machinga, cha kumene nthaka imatsetsereka kupita ku Mposa ndi kunyanja ya Chilwa, munali mayi wina wamasiye amene nyumba yake inagwa ndi namondwe wa Freddy m'mwezi wa Malichi 2023. Inali ya zidina, yofolera udzu, ndipo itamwa madzi masiku angapo inangokhala pansi. Mayiyo anapulumuka ndi mphasa, ndowa ndi foni basi.

Anali ndi mwana wamwamuna amene ankasoka zovala ku Johannesburg. Mnyamatayo atamva za tsokalo analumbira kuti amayi ake sadzagonanso m'nyumba yoopa mitambo. Anayamba kutumiza ndalama mwezi ndi mwezi, ndipo ntchito anaipereka kwa amalume ake, mlongo wa mayiyo, mmisiri amene mbiri yake inkamveka kuyambira ku Liwonde mpaka ku Ntaja. Ndinene pano kuti munthuyu sanali wachinyengo. Simenti sankaba, levulo sinkachoka m'manja mwake, ndipo ngodya ikapendama ankaigumula yekha mwini nyumba asanaone. Anaumbitsa njerwa n'kuziotcha mpaka kufiira psuu, makoma akunja n'kuwamanga njerwa ziwiri ziwiri. Malata ndi zitseko zachitsulo anakagula ku Liwonde, laimu wopaka anachokera kumapiri a Chenkumbi ku Balaka, ndipo katundu wina anabwera pabasi kuchokera ku Joni, atamangidwa bwino m'makatoni. Pofika Disembala, mvula itagwa kale, mayi uja analowa m'nyumba imene anthu odutsa ankaimira kuti aione.

Usiku woyamba womwewo foni inakhala chete. M'kanyumba kakale kaja inkalira ili pamsomali wa kuchipinda, koma muno timizere ta netiweki tinkazimirira munthu akangodutsa pakhomo. Kuti mayiyo amve bwino mawu a mwana wake ankayenera kutuluka n'kukakwera pachulu cha kuseri kwa khola. Mnyamata uja ankaimba madzulo akaweruka, osapeza munthu, mpaka anayamba kudandaula kwa abale kuti amayi ake alandira nyumba n'kuiwala womanga. Kenaka usiku wina wa Januwale mwana wamkazi wa mayiyo, amene anali woyembekezera, anayamba kumva kupweteka. Kunja kunali chimvula. Mayiyo anathamangira kuchulu kuti akaitane wakabaza wa njinga yamoto, anaterereka potsika, n'kuthyoka dzanja. Wodwalayo anakafika kuchipatala mbandakucha, iye ndi khanda lake n'kupulumukira mkamwa mwa mbuzi.

Kutacha, mudzi unayamba kufuna amene wachita zimenezi.

Pafupi ndi nyumbayo pankakhala gogo wina woumba, amene aliyense ankangomutchula kuti anganga a mbiya. Pamene mpanda wa nyumba yatsopanoyo unkamangidwa, unadula kanjira kamene gogoyu ankadzera popita kudambo kukakumba mtapo kuyambira ali mtsikana. Anadandaula, sanamumvere, ndipo tsiku lina mtima utamukwera ananena pamaso pa anthu kuti, "Tsekani, tsekani zonse, tione amene adzakumveni." Anali mawu a munthu wotopa ndi kuzungulira mtunda atasenza dothi. Tsopano mawuwo anakumbukiridwa, ndipo pakamwa paliponse pamene ankadutsa ankatuluka atakula. Anyamata ena anapita m'mamawa, n'kuswa mbiya, mitsuko ndi nkhali zonse zimene gogoyo anayanika pakhonde. Akanachita zoposa pamenepo nduna za amfumu zikanapanda kufika.

Gogoyu anali ndi mdzukulu wamkazi amene anali atangomaliza Folomu 4 ku Balaka, komwe ankakhala ndi azakhali ake. Pabwalo la mlandu, akuluakulu atalankhula, mtsikanayo anagwada n'kuwomba m'manja.

"Zikomo amfumu. Anganga sanamange nyumba ya wina aliyense. Foni imamva ndi mafunde ochokera pansanja ya netiweki ya kumsika ija, ndipo mafundewo akutsekeredwa ndi njerwa. Makoma anenepa kwambiri."

Mmisiri uja anadzuka ali gwa. "Njerwa zanga? Mwana iwe, ndamanga nyumba usanabadwe, ndipo eni ake amaimba foni ali pabedi. Usachotse mlandu pamutu pa anganga ako n'kuuika pa ine."

Amfumu anali munthu wachikulire wosapupuluma. Anakumbutsa bwalo kuti lamulo la dziko lino, limene lilipo kuyambira 1911, limaletsa kuloza munthu chala kuti ndi mfiti, ndipo amene achita zimenezo ndiye amakayankha kukhoti. Kenaka anafunsa ngati alipo amene akukumbukira ndege za Kauniuni zimene zinkauluka m'munsi mu 2013 ndi 2014. Ambiri anavomera. "Tinkati zabwera kudzatani," anatero amfumu, "pamene zinkangoyeza mphamvu ya maginito ya miyala ya pansi pathu, osakumba ngakhale kadzenje. Ngati mwala wa pansi panthaka umayezeka, njerwa ya pakhoma ingakanike? Mtsikana iwe, ndakupatsa sabata imodzi. Uyeze pamaso pa nduna yanga. Chimene upeze udzatiuze, chikome chisakome."

M'mawa mwake mtsikanayo anakwera pachulu ndi foni ya msuweni wake. Anadziwa kuti timizere tija sitinena zambiri, choncho anatsegula pamene foni imaonetsa mphamvu ya netiweki m'manambala, aja okhala ndi kamzere kutsogolo ndi zilembo za dBm kumapeto. Nambalayo ikamakula ndiye kuti mphamvu ikuchepa: pa -70 zinthu zili bwino, pa -110 mawu amayamba kudukaduka. Anawerenga -88. Anatenga njerwa n'kuitchingira kutsogolo kwa foni. Nambala sinasunthe. Anasanjikiza ziwiri, kenaka zinayi. Inangogwedezeka pang'ono n'kubwerera. Ana amene anadzaonerera anaseka, nduna n'kupukusa mutu.

Madzulo anaimbira aphunzitsi ake a sayansi ku Balaka, misozi ili m'maso. Aphunzitsiwo anamumvetsera mpaka kumapeto.

"Njerwa sinakunamize," anatero. "Iweyo sunaifunse bwino. Foni ikakhala pa netiweki ya 900 MHz, funde limodzi limatalika pafupifupi masentimita 33. Njerwa yako ndi yaifupi kuposa pamenepo, ndiye funde likungoizungulira, lina likudzera kumbuyo litagunda phiri. Akatswiri akamayeza zinthu zomangira amaika chotumiza mbali ino, cholandira mbali inayo, chinthucho pakati, n'kutseka njira zina zonse kuti funde lisapeze podzera pena. Amayamba ayeza popanda kanthu, kenaka pali chinthucho, ndipo kusiyana kwa manambala awiriwo ndiye yankho. Iwe ulibe zipangizo zawo, koma mgolo wachitsulo ungaupeze. Chitsulo chimabweza mafunde. Zimenezi Heinrich Hertz anazionetsa ku Karlsruhe, ku Germany, mu 1888: mafunde ake ankadutsa chitseko chathabwa, koma akagunda lata ankabwerera."

Anamuuzanso zina zitatu: foni aiike pa 2G yokha kuti isamadumphedumphe, asaisunthe ngakhale pang'ono, ndipo chinthu chilichonse achiyeze kangapo n'kutenga nambala ya pakati, chifukwa mphamvu ya netiweki imakwera n'kutsika payokha.

Mgolo anaubwereka kwa mayi wina wophika thobwa, wa malita 200, wotseguka mbali imodzi. Anaugoneka pachulu kukamwa kwake kutaloza kunsanja, n'kuutsamiritsa ndi miyala. Foni anaimangirira pandodo yopingasa m'kati, nkhope yake itayang'ana kumbuyo, ndipo kutako kwa mgolowo anaboola kabowo ndi msomali kuti aziwerengerapo. Nduna inafunsa ngati mafundewo salowera pakabowopo. Mtsikanayo anayankha kuti kabowo n'kakang'ono kwambiri poyerekeza ndi funde, kuwala kokha ndiko kungadutse. Sanadziwe kuti yankho la mlandu wonse walinena kale ndi pakamwa pake.

Ntchitoyo inali yotopetsa ndipo inafuna kudekha. Pakamwa pa mgolo ankamangapo kakhoma kotseka ponseponse, n'kumata m'mipata ndi dothi louma, n'kupita kumbuyo, kutsinzina diso limodzi, kuwerenga, kudikira, kuwerenganso, kulemba m'kope. Akatero ankagumula n'kuyezanso mgolo uli pululu, kuti aone ngati nsanja sinasinthe mphamvu pakatipo. Ana aja anasiya kuseka n'kuyamba kunyamula njerwa. Mtolo wa udzu wouma unangochotsa 1. Thabwa la mlombwa chimodzimodzi. Zidina zotsala pabwinja la nyumba yakale zinachotsa 4. Buloko ya simenti imene anapempha kusukulu inachotsa 5. Tsono anafika pa njerwa zootcha za mmisiri, zimene zinatsala mulu pakhonde, mtima wake ukugunda. Mzere umodzi unachotsa 4. Mizere iwiri, 7.

Manambala amenewa ali ndi kawerengedwe kake. Kutsika ndi 3 ndiye kuti mphamvu yatsala theka, kutsika ndi 10 yatsala gawo limodzi mwa magawo khumi, kutsika ndi 20 limodzi mwa zana. Choncho 7 si kanthu kachabe. Koma pabwalo la nyumba ija foni inkawerenga -96, ndipo kuchotsapo 7 ikanamvabe, ngakhale movutikira. M'nyumbamo simunkamveka kalikonse. Njerwa za mmisiri sizinkasiyana kwenikweni ndi zidina za kanyumba kamene foni inkalira usana ndi usiku.

Usiku umenewo mtsikanayo sanadye. Anakhala pafupi ndi koloboyi, kope lili pamiyendo, cholembera chili m'manja. Nduna ija sinkadziwa kuwerenga manambala. Inkangochonga mzere pansi pa tsamba lililonse posonyeza kuti inalipo. Kutsogolo kwa 7 kunali malo okwanira kulembapo 2.

"Ukulemba chiyani mumdima?" anafunsa gogo uja ali pamphasa.

"Anganga, njerwa zakana. Ndikakanena zimene ndapezazi adzati ndiye kuti ndinudi. Koma ndikangowonjezera kanambala kamodzi apa, palibe angadziwe, ndipo inu mupuma."

Gogoyo anadzuka n'kukhala tsonga. "Bwera nalo kuno kopelo." Analigwira, ngakhale sankatha kuwerenga, n'kuliika pansi pa mtsamiro wake. "Mwanawe, ine andinamizira. Ndikudziwa mmene zimawawira. Ndiye ukufuna nditchinjirizidwe ndi kunamizira wina? Bambo uja wandilakwira, inde, koma njerwa zake sizinandilakwire. Ndipo taganiza: mawa wina akabwera ndi foni yake n'kuyeza, n'kupeza kuti unanama, adzati chiyani? Adzati gogo uja walodza ndi mdzukulu yemwe. Pamenepo sipadzakhalanso wotimvera, ngakhale titanena zoona."

Panapita nthawi onse ali chete. Kenaka gogoyo anafunsa, mawu ake atasintha, akulankhula tsopano ngati mmisiri kwa mmisiri mnzake.

"Njerwa wayezazo unazitenga kuti?"

"Pakhonde, anganga."

"Zouma ndiye. Za pakhoma zikumwa mvula tsiku ndi tsiku, ndiponso nyumba yatsopano imakhala ndi madzi a omanga m'mimba mwake miyezi yambiri. Ine mbiya ndikaigogoda ndimadziwa ngati yauma. Youma imalira, yaiwisi imangoti phu. Ngati dothi lonyowa limameza kulira kwa chala changa, kaone ngati silimeza mafunde akowo."

Phokoso la mbiya ndi mafunde a foni si zinthu zofanana, koma gogoyo analoza malo oyenera. Akatswiri ali ndi nambala imene amaitcha permittivity, yosonyeza mmene chinthu chimagwirira mphamvu ya magetsi imene ili m'funde. Ya mpweya ndi 1, ya thabwa louma ili cha pa 2, ya njerwa cha pa 4, ya konkire cha pa 5, ndipo bungwe la ITU ku Geneva limasindikiza manambala otere kuti omanga nsanja aziwerengera. Koma ya madzi ili cha pa 80. Madzi akalowa m'timabowo ta njerwa, khoma limabweza gawo lalikulu la funde, ndipo gawo limene lalowa limathera m'katimo, makamaka madziwo akasungunula mchere wa m'dothi.

Anaviika njerwa m'beseni usiku wonse. M'mawa mizere iwiri yonyowayo inachotsa 13. Mtsikanayo analumpha ndi chimwemwe, koma chimwemwecho sichinakhalitse. Anaviikanso zidina pang'ono, mosamala kuti zisasungunuke, ndipo nazonso zinameza kwambiri. Nanga kanyumba kakale kaja sikankanyowa? Kankanyowa dzinja lililonse, foni n'kumalirabe. Ndipo ngakhale khoma litameza chotani, nyumba ili ndi mazenera. Analemba zonse mmene zinalili.

Tsiku la bwalo anthu anadzaza mpaka kumitengo ya mango. Mayi wa nyumba anakhala kutsogolo dzanja lili m'chikhakha. Mtsikanayo anagwada, n'kutsegula kope.

"Zikomo amfumu, zikomo nonse. Sabata yatha ndinanena pano kuti njerwa za abambowa ndizo zatseka foni. Ndayeza, ndipo si zoona. Njerwa zawo zikauma zimatchinga pang'ono, mofanana ndi zidina zathu. Zikanyowa zimatchinga kwambiri, koma osati mpaka kugonthetsa nyumba yonse. Abambo, ndinakunenerani chinthu ndisanachiyeze. Pepani."

Bwalo linachita phokoso. Wina kumbuyo anakuwa kuti, "Mwamva nokha! Ngati si njerwa, ndi ndani?" Anyamata aja anayamba kuyang'ana kumene kunakhala gogo uja. Iye anangokhala phee, manja ali pamaondo.

Mmisiri sanalankhule msanga. Anabwera kubwaloko atakonzeka kutsutsa bodza, ndipo anali atauza kale anzake kuti mwanayo adzaphika manambala. Tsopano anaona mwana amene akanatha kupulumutsa agogo ake pomuthira iye matope, koma wamuyeretsa pamaso pa mudzi wonse, n'kutsala yekha pamoto. Chinthu chimenechi chinamulowa. Munthu amene moyo wake wonse wakhala akukhulupirira levulo kuposa diso lake amamuzindikira mnzake woteroyo akamuona. Anaimirira pang'onopang'ono, chipewa chili m'manja.

"Amfumu, mwanayu wayeza zimene amaziona. Koma m'nyumba muja muli zina zimene saziona, ndipo wozidziwa ndine ndekha, chifukwa ndinaziika ndi manja angawa. Ndiloleni ndikatenge zotsala."

Anabwerera atanyamula mipukutu iwiri. Woyamba unali wa pepala lonyezimira la aluminiyamu limene mphwake anatumiza kuchokera ku Joni. Analiyala pansi pa malata denga lonse, n'kulitsitsa mpaka pamwamba pa makoma, kuti kutentha kwa mwezi wa Okutobala kusamalowe, kenaka siling'i inalibisa. Wachiwiri unali wa sefa yawaya yotchinga udzudzu, imene anakhoma pazenera lililonse ndi pa timabowo tonse ta mpweya.

"Koma sindikuona kuti zingakhale zimenezi," anatero. "Sefayi ili ndi mabowo, mphepo imadutsa, dzuwa limadutsa. Pepalali nalo si chitsulo." Anatulutsa maginito a sipika yakale m'thumba n'kuwagunditsa papepalapo. Anagwa pansi. "Mwaona? Sakugwira."

Mtsikanayo anapempha tochi. Anachotsa batire ndi babu, n'kung'amba kachidutswa ka pepalalo, n'kulumikiza nako. Babu linayaka.

"Abambo, funde silifunsa ngati chinthu chimagwira maginito. Limafunsa ngati magetsi amayenda m'chinthucho. Akamayenda, funde likafika limagwedeza magetsi a m'menemo, ndipo iwo amalibweza kumene lachokera. Kupyapyala kwa pepalali sikusintha kanthu."

Mudzi wonse unakwera kuchulu. Mgolo uli pululu foni inawerenga -88 monga kale. Mmisiri mwiniwake anaphimba kukamwa kwa mgolo ndi pepala lija, n'kulimanga ndi lamba wa mphira kuti pasatsale mpata. Mtsikanayo anasuzumira pakabowo. Nambala inatsika, inadutsa -110, kenaka foni inalemba kuti palibe netiweki. Anachotsa pepala, inabwerera. Anaika sefa, inazimiriranso. Amfumu anati aliyense wodziwa kuwerenga asuzumire yekha, ndipo anthu anandanda, mphunzitsi wa kupulayimale, mlembi wa mzikiti, mkulu wa mpingo, ngakhale mmodzi wa anyamata oswa mbiya aja. Anabwereza katatu. Katatu konse zinachitika chimodzimodzi.

Za mabowo a sefa anamasulira ndi msodzi wina wa ku Mposa, mtsikanayo atangotchula kuti funde ndi lotalika masentimita 33 pamene bowo la sefa silikwana ngakhale mamilimita awiri. "Ndiye ndi ukonde umenewo," anatero msodziyo. "Madzi amadutsa, matemba amatsala." Anthu anamvetsa pomwepo.

Chimene mmisiri anamanga mosadziwa chinamangidwapo kale mwadala. Mu 1836, ku London, Michael Faraday anakuta kachipinda ndi zitsulo zopyapyala ndi mawaya, n'kulowamo, n'kuonetsa kuti mphamvu ya magetsi ya kunja sifika m'kati. Nyumba ya mayi uja inali ndi malata ndi aluminiyamu kumwamba, zitseko zachitsulo, sefa pabowo lililonse, ndipo njira yokhayo yotsala inali makoma onenepa okhuta madzi. Kumudzi kumene netiweki imafika itafooka kale, zimenezi zinakwana kutseka zonse. Kanyumba kakale kaja mafunde ankangolowera padenga la udzu.

Anatsikira kunyumba kuja. Mmisiri anayang'ana kumene kuli nsanja, n'kusankha zenera la kuchipinda chochezera limene linaloza komweko, n'kuzula sefa ndi pulayala. Mlongo wake anaika foni pazenerapo ndi dzanja lake lamoyo. Sipanapite nthawi, inayamba kunjenjemera, mauthenga a masabata ambiri akulowa motsatizana, ndipo asanathe kuwawerenga inalira. Anali mwana wake. Mayiyo analephera kulankhula, anangopereka foni kwa mlongo wake.

"Ndine amalume ako," anatero mmisiri. "Amayi ako sanakutaye. Ndi sefa ija. Ayi, pepala likhale, likugwira ntchito yake. Utumize sefa ya pulasitiki ya mazenera awiri, ndidzakhoma ndekha, osalipira."

Sikuti onse anakhutira. Alipo amene popita kwawo ankanong'onezana kuti, chabwino, ndi waya, koma anamutuma mmisiri kuti akhome wayayo ndani? Anthu otere mgolo sungawathandize, ndipo ine ndimawaopa kuposa anyamata oswa mbiya, chifukwa iwo ndiwo amasunga moto mpaka tsoka lina lidzagwe. Koma tsikulo anali ochepa, ndipo sanayerekeze kukweza mawu.

Amfumu anaitanitsanso bwalo madzulo omwewo. Anagamula kuti makolo a anyamata aja alipire chilichonse chimene chinasweka, pa mtengo wa kumsika, ndipo anyamatawo akakumbe mtapo n'kuusenza okha mpaka gogoyo atabwezeretsa katundu wake yense. Mayi wa nyumba anakwawa ndi maondo mpaka pamene panakhala gogoyo, nkhuku yoyera ili m'khwapa.

"Anganga, ndinakulakwirani. Landirani."

Gogoyo sanaitenge msanga. "Nkhuku ndilandira, mwanangu, ndipo dzanjalo lipole. Koma dzina langa munaliipitsira pagulu. Munene pano, mokweza, kuti amve ndi a kumitengo ya mango uko."

Mayiyo anaimirira n'kunena mokweza kuti anganga a mbiya si mfiti, ndipo sanamuchitepo choipa chilichonse. Mmisiri ananenanso chimodzimodzi, n'kuwonjezera kuti m'mawa agumula mpanda pamene pankadutsa kanjira kaja, aikepo kageti.

Anthu akubalalika, mmisiriyo anatsatira mtsikana uja amene ankagubuduza mgolo kukabweza kwa mwini wake.

"Taima kaye, mwanangu. Mwezi wamawa ndikuyamba nyumba ina ku Ulongwe, ndipo mwini wake akufuna mabuloko, ena akumuuza za njerwa za dothi lotsindira ndi makina. Wandifunsa kuti zabwino n'ziti, ine ndinangomuyankha za kulimba. Ungapite nane ukayeze? Ndidzakulipira ngati mmisiri, osati ngati wothandizira."

"Ndipita, abambo, anganga akalola. Koma tikayeze zouma ndi zonyowa zomwe, ndipo tikayambe taona kumene kuli nsanja musanalembe pokhala mazenera."

"Ndamva. Nanga mgolowu mwini wake angaugulitse zingati?"